Chinadya Samora N'chiyani? Mmene Uthenga Unafikira kwa Mwape

 Inu a kwa Mwape kumunsi ku chigwa cha Luangwa, inu a kwa Ndake, kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe, inu a ku Petauke kwa Kalindawalo, ndi inu abale athu a kutsidya kwa malire amene mumatchera khutu wailesi ino, ndakupatsani moni nonse.  Lero tikambirana za imfa ya mtsogoleri wa dziko, ndi mmene uthenga wake umalowera m'mudzi.

Kwathu kuno uthenga wa maliro suyenda chisawawa. Munthu akatisiya, achibale amayamba adziwitsa amfumu, ndipo amfumu ndiwo amatuma anyamata kumidzi ina. Wotumidwayo akafika amakhala pansi kaye, amalonjeredwa, kenaka amanena zinthu zitatu: watisiya ndani, wafera kuti, ndipo chamudya n'chiyani. Akalumpha chachitatuchi, akulu amamubweza ndi funso: "Nanga anadwala, kapena zakhala bwanji?" Maliro amene funso limeneli silinayankhidwe amaikidwa ndithu, koma anthu amabalalika mitima ili m'malere, ndipo manong'onong'o amayambira ku manda komweko.

Dziko lathu la Zambia lili ndi mwayi umene maiko ena alibe. Chilandirireni ufulu mu 1964, palibe pulezidenti wathu amene anafa ndi dzanja la munthu. A Levy Mwanawasa mu 2008 ndi a Michael Sata mu 2014 anamwalira ndi matenda m'zipatala za kunja. Koma ife a m'malire tili ndi imfa imodzi imene tinailira ngati yathu, ndipo mpaka lero akulu ambiri akamaitchula amati anachita kumupha. Ndikunena za Samora Moisés Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique.

Lamlungu pa 19 Okutobala 1986, Samora anali mlendo wathu. Anabwera ku Mbala, kumpoto kwa dziko lino, kumene iye, a Kenneth Kaunda ndi José Eduardo dos Santos wa ku Angola anakumana ndi Mobutu Sese Seko wa ku Zaire. Atatuwa ankafuna kuti Mobutu asiye kupereka njira kwa zigawenga za UNITA zimene zinkamenyana ndi boma la Angola. Msonkhano utatha madzulo, Samora anakwera ndege yake ya mtundu wa Tupolev 134, yoyendetsedwa ndi akatswiri a ku Soviet Union, ulendo wa ku Maputo. Itatsala pang'ono kufika, ndegeyo inakhotera kumanja, n'kuyamba kutsika kumene kunalibe bwalo. Nthawi itangopitirira 9 koloko usiku inawomba phiri pa Mbuzini, m'mapiri a Lebombo, m'dziko la South Africa, pafupi ndi pamene malire ake amakumana ndi a Mozambique ndi Eswatini (Swaziland masiku amenewo). Mwa anthu 44 amene anali m'ndegemo, 35 anafa. Pakati pawo panali nduna yoona za mtengatenga Alcântara Santos, mlangizi wa pulezidenti Aquino de Bragança, ndi mwana wa dziko lino, a Cox Sikumba, kazembe wa Zambia ku Mozambique.

Nthawi imeneyo ine ndinali mnyamata wa ku pulayimale, ndipo Nyimba inali isanakhale boma payokha. Tonse tinali pansi pa Petauke. Achinyamata a lero muyenera kudziwa mmene moyo unalili kuti mumvetse kulemera kwa wailesi masiku amenewo. Chuma cha dziko chinali chitagwa. Mtengo wa kopa unali pansi, kwacha inkatsika mlungu ndi mlungu chiyambire mu 1985 pamene boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni, ndipo sopo, mchere ndi mafuta ophikira zinkaoneka mwa apo ndi apo. Mabatire ankabisidwa pansi pa mtsamiro. Akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atilankhulireko usiku wina umodzi. M'mudzi mwathu wailesi yodalirika inali ya amalume, amene anabwera nayo atapuma ntchito ku migodi. Sinkatsegulidwa pa zachibwana. Inkalira nthawi ya nkhani ndi ya mauthenga a maliro, kenaka n'kufunditsidwa kansalu.

Okutobala wa ku chigwa mukumudziwa. Dzuwa limaswa mtengo, nyenje zili pokopoko, anthu amasosa m'bandakucha n'kuthawira m'mithunzi dzuwa lisanafike pamutu. Lolemba lija linacha monga masiku onse. Chakumasana ndi pamene bambo wina wochokera ku msewu waukulu anafika ndi mawu akuti madalaivala a malole akuti ndege ya Samora yasowa. Akulu sanatekeseke. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo nkhani ya pa msewu ikamafika kwa Mwape imakhala itatola zambiri m'njira. Koma madzulo amalume anatulutsa wailesi dzuwa lisanalowe, n'kuikhazika pa kampando pabwalo. Ife ana tinadziwira pomwepo kuti kunja kuno kwagwa kanthu.

Kulira kwa nkhwazi kotsegulira nkhani kunamveka pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services, ndipo wowerenga nkhani wa ku Lusaka ananena kuti pulezidenti wa Mozambique wamwalira, ndege yake yagwa m'dziko la South Africa pobwerera kuchokera ku Mbala. Amayi anali akupeta, lichero linaima m'manja. Agogo aamuna anavula chipewa. Amalume anayamba kupotokola kofufuzira, mabatire osawamveranso chisoni. Anagwira Blantyre, anagwira London m'kati mwa phokoso, kenaka anagwira Radio RSA ya ku Johannesburg, imene masiku amenewo inkaulutsanso mawu m'Chichewa. Kumeneko ankati ndi ngozi chabe. Mkulu wina analavula malovu n'kunena kuti fisi ndiye akulengeza maliro a mbuzi. Onse anavomereza. Nsima isanapakulidwe, mlandu unali utagamulidwa pabwalo lathu: Mabunu amupha.

Mwina wina angaseke kuti anthu a ku chigwa, amene ambiri anali asanaonepo ndege ili pansi, ankaweruza bwanji nkhani ya ndege. Koma akulu aja sanalankhule za m'mutu. Anali ndi zaka zambiri akutsatira nkhondo za m'chigawo chino, ndipo zina anaziona ndi maso. Kuyambira mu 1968, pamene FRELIMO, gulu la Samora lomenyera ufulu wa Mozambique, inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete, asilikali ake ankadutsa kuno kummawa kwa Zambia, ndipo Apwitikizi ankabwezera pa midzi ya m'malire. Anthu anamva za kuphedwa kwa anthu wamba ku Wiriyamu mu Disembala 1972. Anamva mmene Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, anafera ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969 potsegula phukusi limene munali bomba. Ankakumbuka mmene asilikali a Rhodesia ankaphulitsira misasa ndi milatho m'dziko lino mu 1978 ndi 1979. Chaka chomwecho cha 1986, mu Meyi, South Africa inaukira Zambia, Zimbabwe ndi Botswana tsiku limodzi. Kwa munthu amene wakulira m'zoterezi, kumva kuti mdani wamkulu wa tsankho wafera pa nthaka ya boma la tsankho kunali kokwanira.

Ndiponso masabata otsiriza a moyo wa Samora anali a moto. Mu Malichi 1984 iye anasainirana ndi P. W. Botha wa ku South Africa pangano la Nkomati, lakuti Mozambique isiye kusunga asilikali a ANC ndipo South Africa isiye kuthandiza RENAMO, zigawenga zimene anthu ankazitcha Matsanga. Mozambique inasunga mbali yake, koma zikalata zimene zinapezeka ku Gorongosa mu 1985 zinaonetsa kuti thandizo la South Africa kwa Matsanga silinaleke. Pa 11 Sepitembala 1986, Samora, a Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukauza a Kamuzu Banda maso ndi maso kuti dziko la Malawi lisakhale pobisalira RENAMO. Boma la Malawi linkakana mlandu umenewu. Pobwerera, Samora anaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Kumayambiriro kwa Okutobala bomba lokwirira linavulaza asilikali a South Africa kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo nduna yawo ya chitetezo, Magnus Malan, inaopseza Samora pomutchula dzina. Mtolankhani wa ku Maputo, Carlos Cardoso, analemba masiku ochepa ngoziyo isanachitike kuti moyo wa pulezidenti uli pa chiswe. N'chifukwa chake ku Harare, ndegeyo itagwa, achinyamata okwiya anaphwanya maofesi a South Africa ndi a Malawi. Zimene zinanenedwa pabwalo la kwathu zinkanenedwanso m'mizinda ikuluikulu.

Koma sindikufuna kuti muganize kuti aliyense analira. M'mudzi mwathu munali mayi wina wachikulire wokwatiwa kuchokera ku Marávia, m'chigawo cha Tete. Ife ana tinkayembekeza kuti iyeyo ndiye agubuduka pansi, pakuti wafayo anali mtsogoleri wa kwawo. Iye anangokhala duu, n'kulowa m'nyumba. Patapita masiku ndi pamene anauza amayi anzake ku chitsime zimene zinali mumtima mwake. Alongo ake anachotsedwa pa minda ya makolo n'kukaunjikidwa m'mudzi wa boma, ndipo mfumu ya kwawo inalandidwa mpando. Zimene ananenazo n'zolembedwa m'mbiri. Boma la FRELIMO linathetsa ulamuliro wa mafumu ponena kuti anali antchito a atsamunda. Linasamutsira anthu ambiri m'midzi ya pamodzi, ena mokakamiza. Linali ndi misasa yotsekeramo anthu amene ankati akufunika kuwongoledwa maganizo. Mu 1983 linabwezeretsa chikwapu cha pagulu, ndipo chaka chomwecho linasesa anthu osagwira ntchito m'mizinda n'kukawataya ku Niassa. Matsanga, ndi nkhanza zawo zonse zodula anthu makutu ndi milomo, anapeza pogwira m'madandaulo amenewa.

Samora yemweyo ndi amene anali namwino wochokera ku Chilembene, amene anasiya chipatala n'kukalowa m'tchire, n'kutsogolera dziko lake ku ufulu pa 25 Juni 1975. Ndi yemweyo amene anatsegula masukulu a kwacha ndi kufikitsa katemera kumidzi, amenenso anatseka malire ndi Rhodesia mu 1976 akudziwa kuti dziko lake losauka litaya ndalama za madoko ndi njanji, kuti Zimbabwe imasuke. Amalume ankalira munthu ameneyu. Mayi wa ku Marávia ankakumbuka winayo. Onse awiri ankanena zoona, ndipo mudzi unawasunga onse popanda kukangana.

Maliro anachitika ku Maputo pa 28 Okutobala, ndipo chikondwerero chathu cha zaka 22 za ufulu, pa 24 Okutobala, chinagwera m'kati mwa masiku a chisoni. Kusukulu aphunzitsi aakulu anatifoletsa pa mzere, mbendera ili pakati pa mtengo, n'kutifotokozera pa mapu pamene pali Mbala ndi pamene pali Maputo. Ana ena obadwa nyengo imeneyo anatchedwa Samora, ndipo lero ndi abambo a ndevu. Dziko nalo linasunga dzinali: sukulu yophunzitsa madokotala a ziweto pa University of Zambia ndi bwalo la ndege za nkhondo la ku Mbala zimadziwika ndi dzina la Samora Machel. Pa 6 Novembala Joaquim Chissano analumbira kukhala pulezidenti wa Mozambique.

Kwa ife a Petauke ndi Nyimba, chimene chinamata imfa imeneyi m'mitima ndi zimene zinatsatira. Nkhondo inali itakula kale ku Tete ndi ku Zambézia Samora asanafe, koma m'miyezi yotsatira ndi pamene inatipeza pakhomo. Anthu othawa anayamba kuwoloka malire, mitolo pamutu, ana kumbuyo, ena opanda ndi chofunda chomwe. Ambiri anali a mtundu wathu womwe, Ansenga, Achewa ndi Achikunda, olankhula zimene timamva, ena a mfunda umodzi ndi ife. Mu 1987 kunatsegulidwa malo a anthu othawa nkhondo ku Ukwimi, m'boma la Petauke, ndipo kumeneko kunakhala anthu oposa 20,000, akulima chimanga ndi nshawa pa minda imene anapatsidwa. Ku Malawi chiwerengero chinafika pafupifupi 1 miliyoni. Matsanga nawo anayamba kulowa m'midzi ya m'malire ya Petauke, Katete ndi Chadiza, kulanda ng'ombe ndi katundu wa m'masitolo, kugwira anthu kuti awasenzere, ndi kupha. Mabanja ankagona m'tchire. Asilikali anachuluka pa mlatho wa Luangwa ndi m'mbali mwa Great East Road. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mwambi umenewu tinaumvetsa zaka zimenezo. Mtendere unabwera ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1994 a ku Ukwimi anali akubwerera kwawo.

Tsopano tibwere ku funso limene akulu amafunsa wotumidwa. Chinadya Samora n'chiyani?

Boma la South Africa linakhazikitsa bwalo lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Cecil Margo. Mu 1987 bwaloli linati olakwa anali oyendetsa ndege. Linati sanatsate malamulo otsikira usiku, anapitiriza kutsika osaona bwalo, ndipo belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira litalira sanakweze ndege. Akatswiri a ku Soviet Union anakana zimenezi. Iwo anati ndegeyo inakhota chifukwa inatsata chizindikiro cha wailesi chabodza, chimene wina anatchera dala m'mapiri kuti chimveke ngati cha bwalo la Maputo. Omvera, ndege ikamayenda usiku imatsata mawu a makina a pansi amene amaiuza kumene kuli bwalo. Funso lonse lagona pamenepo: kodi ndegeyo inakhota madigiri 37 chifukwa oyendetsa anatchera makina awo molakwika, kapena chifukwa wina anawanamiza? Ndipo ngakhale akanakhala kuti ananamizidwa, n'chifukwa chiyani sanamvere belu lija? Mbali iliyonse ili ndi funso limene imalephera kuyankha bwino.

Zina zimene zinachitika pambuyo pa ngozi zinawonjezera chikayiko. Boma la Mozambique linauzidwa patapita maola ambiri. Ena mwa opulumuka anadandaula kuti apolisi amene anafika pamalopo anatanganidwa ndi kutola zikalata m'malo mothandiza ovulala. Mabokosi osunga mawu ndi kayendedwe ka ndege anakhala m'manja mwa South Africa kwa masabata angapo. Tsankho litatha, bungwe la Truth and Reconciliation Commission linamvanso nkhaniyi mu 1998, ndipo mkazi wa Samora, mayi Graça Machel, anakapereka umboni. Bungwelo linati silinapeze umboni wogamulira mbali iliyonse, koma pali mafunso ofunika kufufuzidwabe. Mu Januwale 1999 Nelson Mandela ndi Chissano anatsegula chikumbutso pa Mbuzini, mapaipi achitsulo 35, limodzi la munthu aliyense amene anafa. Mu 2006 boma la Thabo Mbeki linalonjeza kutsegulanso kafukufuku. Okutobala wa 2026 ndi wokwanitsa zaka 40, ndipo palibe munthu amene anaimapo pa bwalo la milandu chifukwa cha imfa imeneyi.

Choncho amene akuti Samora anaphedwa ali ndi zifukwa zolemera, koma alibe chigamulo. Amene akuti inali ngozi ali ndi lipoti, koma lipotilo linachokera ku bwalo lokhazikitsidwa ndi boma limene linkaganiziridwa. Ine pano sindigamula. Chimene ndikunena n'chakuti uthenga unabwera wopereweza, ndipo pamene boma lasiya mpata, anthu amadzazapo okha.

Dziko lino laona zoterezi kangapo. Pa 18 Malichi 1975, Herbert Chitepo, tcheyamani wa chipani cha ZANU cha ku Zimbabwe, anafa ndi bomba limene linatcheredwa pa galimoto yake ku Chilenje mu Lusaka. A Kaunda anakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi a Reuben Kamanga, mwana wa kuno kummawa, ndipo mu 1976 bungwelo linaloza chala mikangano ya m'chipani cha ZANU momwemo. Patapita zaka, anthu amene ankagwira ntchito ya ukazitape m'boma la Rhodesia analemba kuti bombalo anatchera ndi iwo. Ku Zimbabwe mkanganowu sunazime. Mabanja a osewera mpira athu amene anafera m'nyanja ku Gabon mu Epulo 1993 nawo anakhala zaka akupempha kuti boma liwaonetse lipoti lonse.

Koma nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya ku Ndola. Usiku wa pa 17 kulowa 18 Sepitembala 1961, ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa kufupi ndi Ndola akupita kukakumana ndi Moïse Tshombe wa ku Katanga, ndipo anthu onse 16 anafa. Anthu owotcha makala m'nkhalango ndi ena a ku Twapia ananena kuti anaona ndege yachiwiri kumwamba ndi kuwala ngati moto. Ofufuza a boma la atsamunda anataya umboni wawo, poti anali anthu akuda osaphunzira, n'kunena kuti woyendetsa ndiye analakwitsa. Patapita zaka zoposa 50, mu 2015, United Nations inatsegulanso nkhaniyi, n'kuipereka kwa Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania. Iye anapeza kuti umboni wa anthu aja unali wofunika kuumvera, ndipo anati n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuukiridwa. Mawu a owotcha makala anapulumuka chifukwa ena anawalemba, ndipo ena mwa mboni anali akadali moyo pamene ofufuza atsopano anabwera. Chimene munthu wamba anaona ndi kumva chili ndi mtengo, malinga achinene mosawonjezera.

Lero zinthu zatembenuka. Kale uthenga unkachedwa ndipo tinkaudikira. Lero umathamanga kuposa choonadi. Pa 3 Julayi 2008, a Mwanawasa ali gone m'chipatala ku Paris, wailesi ina ya ku South Africa inalengeza kuti amwalira. Thabo Mbeki anaimiritsa anthu pa msonkhano kuti akhale chete powalemekeza. Mafoni analira dziko lonse, anthu analira misozi, ndipo boma linachita kutuluka kudzatsutsa. A Mwanawasa anakhala moyo mpaka pa 19 Ogasiti. Ku Malawi zinachitika mosemphana: a Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma boma linatsimikiza pa 7 Epulo, anthu atamva kale ku mawailesi akunja. Ndipo pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya a Saulos Chilima, wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu onse 9, mafoni a kuno kwathu anadzaza ndi zithunzi ndi zigamulo mitembo isanapezeke n'komwe. Malipoti anatuluka pambuyo pake, koma mitima ya ambiri inali itagamula kale, monga zinalili pabwalo la kwathu mu 1986.

Pamenepa pali udindo wa mbali ziwiri. Kwa olamula ndikuti: mtsogoleri akafa, nenani msanga, nenani zonse zimene mukudziwa, ndipo ofufuza asakhale anthu amene akuganiziridwa. Lipoti likatha lisatsekeredwe m'kabati. Limasuliridwe m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga ndi zinenero zina, liwerengedwe pa wailesi kuti ndi agogo a kwa Mwape omwe alimve. Mphekesera zimamera pamene boma lakhala chete kapena lanena theka. Kwa ife omvera ndikuti: uthenga wa imfa ukalowa pa foni, tisanautumize kwa wina tifunse kuti wanena ndani, iyeyo waona kapena wangomva, ndipo achibale kapena boma atsimikiza kodi. Tili ndi ufulu wokayika lipoti la boma, ndipo mbiri yaonetsa kuti nthawi zina kukayika n'koyenera. Koma tizisiyanitsa pakati pa zimene tikudziwa ndi zimene tikuganiza, ndipo tikamauza ana athu tiziwauza kuti ichi ndi ichi, icho ndi icho.

Ndili ndi pempho kwa inu achinyamata a Nyimba ndi Petauke. Anthu amene anali akulu mu 1986 akutha. Amalume anga ndi mayi wa ku Marávia uja onse anagona kalekale, ndipo zimene ndakuuzanizi ndi zimene khutu la mwana linatola. Koma m'midzi mwanu mukadali agogo amene anabisa asilikali a FRELIMO, amene anagona m'tchire kuthawa Matsanga, amene anagawana minda ndi alendo a ku Ukwimi, ndi ena amene anali alendowo koma anakwatira kuno n'kukhazikika. Foni yomweyo imene mumaonera mpira ili ndi pojambulira mawu. Khalani nawo pansi, apempheni chilolezo, muwafunse: Munali kuti tsiku limenelo? Anakuuzani ndani? Munamva pa wailesi iti? Anthu anati chiyani, ndipo inu munaganiza chiyani? Musawakonze, ngakhale anene zosiyana ndi za m'buku la kusukulu. Lembani dzina la mudzi ndi tsiku limene mwacheza nawo, ndipo mukapereke kwa aphunzitsi a mbiri pa sukulu yanu kapena kwa amfumu kuti zisungike. Amene mungakonde kuti mawu a agogo anu amveke pa pulogalamu ino, atumizeni kuno ku wailesi, agogowo atavomera.